Makina ndi Ochepa, Odwala ndi Ambiri: Ayambe Ndani?

Impso ndi ziwalo ziwiri zimene zimagwira ntchito mwakachetechete, kusefa magazi usana ndi usiku ndi kutaya zoipa kudzera m'mkodzo. Zikafooka, makamaka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga, munthu amatupa miyendo ndi nkhope, ndipo mpweya umamuperewera. Zikalephereratu, amadalira makina osefa magazi, otchedwa dayalisisi. Amagonekedwa pa makinawo maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo ngati sapatsidwa impso ina, zimenezi ndi za moyo wake wonse.

Kodi makinawo akachepa, ayenera kuyamba ndani? Funsoli si lachilendo. M'chaka cha 1962 mu mzinda wa Seattle ku America munali komiti ya anthu asanu ndi awiri, pakati pawo m'busa ndi loya, yosankha odwala oti athandizidwe. Inkaona msinkhu wa munthu, ana ake, ntchito yake, ngakhalenso ngati ankapita ku tchalitchi. Nkhaniyo itamveka, ambiri anadandaula kuti anthu asanduka Mulungu, ndipo mu 1972 boma la dzikolo linakhazikitsa lamulo lolipirira chithandizochi.

Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi amene amasankha ndi msewu. Mlimi wa kwa Nthondo akauzidwa kuti impso zake zafa, ayenera kupita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Kawiri pa sabata ndiye kuti maulendo 104 pa chaka. Ulendo woyamba amagulitsa soya, wachiwiri mbuzi, kenaka njinga. Dzinja likafika, matope amatsekereza njira zotsika m'mapiri. Akati akakhale kwa mphwake ku Kawale, munda umagonera, ndipo mlendo wa miyezi isanu ndi umodzi sakhalanso mlendo. Mnzake wa pa Mponela, pa msewu wa tara wa M1, zimamuyenderako. Palibe dokotala amene wamukana mlimi uja. Tsiku lina sangooneka, ndipo bedi lake limapita kwa wina.

Ena amati ndalama zosamalira munthu mmodzi pa makinawa zingagule mankhwala a malungo opulumutsa ana ambirimbiri. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo wowanyoza sanagwirepo thumba la boma. Komabe nkosavuta kuwerengera chonchi wodwalayo asali mayi ako. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo ngati msonkho wa fodya wolimidwa ku Dowa umathandiza kugula makinawo, nchilungamo chanji kuti wopindula akhale yekhayo wokhala pafupi ndi chipatala?

Ofufuza zachipatala aunikirapo mbali imene mkanganowu umaiwala. Kafukufuku wochitika m'Malawi, Uganda ndi South Africa, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti njira zowerengera mphamvu ya impso zimene zinakonzedwa ku maiko a azungu zimaonetsa ngati impso za anthu a kuno zili bwino kuposa momwe zilili. Choncho odwala ambiri sawerengedwa nkomwe. Chinanso nchakuti si impso zonse zimene zimafa kotheratu. Zina zimaima mwadzidzidzi chifukwa cha malungo aakulu, kutsekula m'mimba kapena kutaya magazi pobereka, ndipo zimadzukanso wodwala akapatsidwa madzi a m'dripi msanga, kapena akaikidwa pa makina kwa masiku ochepa chabe. Wotereyu amabwerera kukagwira khasu.

Motero mlandu wa amene ayambe pa makina umazengedwa kale kumudzi, zaka zambiri dokotala wa ku Lilongwe asanamuone wodwalayo. Umazengedwa tsiku limene mayi wodandaula mutu wafika pa chipatala chaching'ono cha pa Malomo, pamene chimene chikufunika ndi kachipangizo koyezera kuthamanga kwa magazi, kapepala koviika m'mkodzo, ndi namwino woti amuuze achepetse mchere m'ndiwo.