Filimu Sinasinthe, Tasintha Ndife

Anzanga acinyamata, ambiri a ife amene tinakulira mu Lusaka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikumbukira filimu ya E.T. Ena anaiona pa kaseti ya vidiyo m'nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands. Ena a ku Kabwata ndi Chelstone anaiona atapanikizana pansi m'nyumba ya aneba amene anali ndi makinawo. Funso langa lero ndi ili: munthu akaionanso filimu imeneyi atakula, kodi amaona ciani cimene sanacione ali mwana?

Filimuyi inatuluka mu 1982, ndipo anaipanga ndi Steven Spielberg wa ku America. Nkhani yake ndi ya kacolengedwa kocokera ku dziko lina lakutali kuthambo, kamene anzake anakasiya m'nkhalango ku California. Mnyamata wa zaka 10, dzina lake Elliott, anakapeza, nakanyengerera ndi maswiti, nakabisa m'cipinda cake. Mkulu wake Michael ndi kamlongo kake Gertie anasunga naye cinsinsico. Pamene mlendoyo anadwala, anthu a boma anabwera nakuta nyumba yonse ndi mapulasitiki. Potsiriza anawo anamuthawitsa pa njinga kuti akakumane ndi abale ake.

Tili ana tinaona njinga ikuuluka kudutsa pa mwezi, ndipo tinakuwa ndi cimwemwe. Munthu wamkulu amaona zina. Amaona kuti m'nyumba muja mulibe atate. Iwo anacoka napita ku Mexico ndi mkazi wina, ndipo nkhaniyi ikachulidwa pa cakudya, amai a anawo amanyamuka ndi misozi. Spielberg mwini wake anafotokoza kuti nkhaniyi inacokera m'kusungulumwa kwake, pakuti makolo ake analekana mu 1966. Motero Elliott analandira mlendo wosiyidwa cifukwa nayenso anadziwa kuwawa kwa kusiyidwa.

Pali cinthu cinanso. M'mbali yaikulu ya filimuyi nkhope za akulu-akulu sizioneka, kupatula ya amai okha. Timaona miyendo, matoci ndi makiyi olendewera m'ciuno. Umo ndi mmene mwana amaonera akulu. Pena pake amai aja ali m'khichini kulongedza zogula, mlendoyo akuyenda-yenda pafupi nao, Gertie akuyesa kuwauza, koma iwo saona kanthu. Tili ana tinaseka kwambiri pamenepa. Lero kusekako kumavuta, cifukwa mai wotanganidwa uja ndife, ndipo miyendo yopanda nkhope ija ndi yathu.

Kodi tsono akulu a m'filimuyi ndi oipa? Iai. Amai aja akulera okha ana atatu. Ataona colengedwa cacilendo cili cidwalire m'nyumba mwao, ananyamula ana ao kuti awacotsepo, monga mmene kholo lililonse likanacitira. Madokotala naonso anayesetsa kupulumutsa moyo wa mlendoyo. Mantha a munthu wamkulu ali ndi cifukwa cake, pakuti iye ndiye amayankha zinthu zikalakwika. Koma mantha akalamulira mtima, munthu amaleka kufunsa kuti mlendo akusowa ciani, nangofunsa kuti atibweretsera tsoka lotani.

Izi si za ku America kokha. Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino yolandira alendo: malo a othawa nkhondo a Mayukwayukwa anatsegulidwa mu 1966, ndipo a Meheba mu 1971. Komabe mu April 2016, mphekesera zitafala zakuti alendo ndiwo anali kupha anthu, masitolo a anthu a ku Rwanda anathyoledwa m'makomboni a mu Lusaka, ndipo ena anathawira ku chalichi ca St Ignatius. Amene anacita zimenezi anali ana kale, ndipo anasewerapo ndi mwana aliyense osafunsa kwao. Mantha ndi mphekesera ndizo zinawatseka maso.

Baibulo limatiuza zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Pa 1 Akorinto 13:11 Paulo akunena za kusiya zacibwana munthu akakula. Pa Mateyu 18:3 Ambuye Yesu akuika mwana kukhala citsanzo ca olowa mu Ufumu. Zonse ziwiri ndi zoona. Coyenera kusiya ndico kusasamala kwa mwana. Elliott anabisira amai ake nkhani yaikulu, ndipo ife sitikukulangizani kutero. Coyenera kusunga ndiwo maso a mwana, amene amaona njala ndi kuzizidwa kwa mnzake asanaone kuti nkhope yake ndi yacilendo. Kukula koona ndiko kusenza udindo wa wamkulu popanda kutaya maso amenewo.

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mwai womucitira zabwino ndi waufupi. Mlendo wanu mwina ndi mnyamata wogona pa Cairo Road amene mumamulambalala popita ku basi. Mwina ndi mtsikana amene wangobwera kucokera ku Petauke, wokhala yekha pa benchi la kumbuyo m'kwaya cifukwa anzake amaseka kalankhulidwe kake. Mwinanso ndi mng'ono wanu wa m'nyumba momwemo, amene kwa masabata angapo wakhala akuyesa kukuuzani kanthu inu muli pa foni.

Ngati gulu lanu lingathe, ionereni limodzi filimuyi, muitanenso ana a Sande Sukulu. Ikatha, muyambe mwafunsa anawo zimene aona, inu mukhale cete kufikira atatsiriza. Pambuyo pake aliyense adzifunse yekha kuti: ndani amene wakhala ali pafupi nane sabata ino, ine osamuona?