Galimoto ya Maulendo Okasangalala: Chosowa kapena Chokhumba

Galimoto zokhala ndi bedi ndi pophikira mkati mwake sizichuluka mu Lusaka. Zambiri zimene zimaoneka pa msewu wa Kafue ndi za alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya. Kwa banja la ku Woodlands kapena ku Chelstone, chofanana nazo ndi galimoto yachiwiri yamphamvu, monga Toyota Prado kapena Mitsubishi Pajero, yogulidwa kuti izipita ku Siavonga kunyanja ya Kariba kapena ku Mfuwe kokaona nyama. Galimoto yotere imadzutsa funso lakale: kodi n'koyenera kuti munthu atsanulire chuma chake pa chinthu chongomusangalatsa?

M'dziko limene Frederick Chiluba analitchula kuti ndi lachikhristu mu December 1991, mawu amene analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996, funso lotere limayankhidwa kawirikawiri paguwa. Mipingo ina imaona galimoto yaikulu ngati umboni wa madalitso, ndipo mwini wake amaibweretsa kwa abusa kuti aiike manja. Ina imachenjeza za kudzionetsera. Baibulo silikhalira mbali imodzi. Buku la Mlaliki limati kudyerera thukuta lako ndi mphatso ya Mulungu, pomwe Miyambo imayerekeza wangongole ndi kapolo wa amene anamukongoza, ndipo mu Luka 14 Yesu akufotokoza za womanga nsanja amene ayenera kuwerengera mtengo asanakumbe maziko. Kwa Asilamu nkhani imagona pa kalipiridwe, popeza chiwongoladzanja n'choletsedwa. Ziphunzitso zonsezi zikaikidwa pamodzi, chisangalalo sichipezeka ndi mlandu. Mlandu uli pa ndalama zimene zachigula, ndi pa anthu amene asowa kanthu chifukwa cha icho.

Kuwerengera mtengo n'kovuta chifukwa mtengo wolembedwa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ya ku Japan imagulidwa m'madola, imatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko pa Nakonde, pomwe ZRA imatenga msonkho wake. Kwacha ikagwa sitima ili panyanja, zina mwa zolipira zotsala zimakwera. Kenako pali kulembetsa ku RTSA, msonkho wa pamsewu, chiphaso cha fitinesi ndi inshuwalansi, ndipo zitatu zomalizazi zimabwerezabwereza ngakhale galimoto itakhala miyezi itatu pansi pa mtengo wa mango. Ulendo wa ku Siavonga umadutsa pa geti lolipiritsa la Shimabala, ndipo injini yaikulu imamwa mafuta pa mtengo umene bungwe la ERB lalengeza. Malo nawo ali ndi mtengo. Ku Kabulonga mpanda ndi waukulu, koma wokhala m'mafulati a ku Kabwata nthawi zina amalipira alonda a pamalo ogonekapo magalimoto usiku uliwonse. Galimoto yoima ili ngati ng'ombe yosalima: m'khola ilimo, udzu ikudya.

Gwero la ndalama limasintha kulemera kwa funso. Wogula ndi ndalama zosunga, kapena ndi gawo lake la chilimba, wadzimana dzulo kuti asangalale lero. Wotenga ngongole ya kubanki yodulidwa pa malipiro wagulitsa miyezi imene sanaigwire, pa chinthu chimene mtengo wake umatsika chaka ndi chaka. Wopita kwa akaloba, amene chiwongoladzanja chawo chimawerengedwa pa mwezi osati pa chaka, kawirikawiri amamaliza n'kupinyolitsa galimoto yomweyo.

Pali china chimene mawerengero a papepala sachiona. M'kaganizidwe ka Achewa ndi anansi awo, malipiro a munthu si ake yekha. Ali ndi gawo la mkazi kapena mwamuna wake, la fizi ya ana, la amayi okalamba ku Katete amene akudikira feteleza mvula isanagwe. Choncho galimoto yogulidwa mwakachetechete, mnzake wa m'nyumba osafunsidwa, imakhala yolakwika ngakhale ndalama zitakwanira. Ndipo umunthu womwewo sulola kuti galimoto ikhale ya chisangalalo chokha. Ikangofika pabwalo, abale amaidziwa. Ndi imene idzanyamule wodwala kupita kuchipatala cha UTH pakati pa usiku, ndi imene idzatsogolere pa maliro ku manda a Leopards Hill, ndi imene idzabwere ndi matumba a chimanga kuchokera kumudzi. Mwini akakana amatchedwa wouma mtima. Akavomera, mafuta ndi matayala ndi ake. Ena amaona izi ngati mtolo, koma ndi pamenepa pomwe galimotoyo imapezera chifukwa chomveka chokhalira pakhomo, kuposa maulendo awiri a kunyanja pa chaka.

Banja limene cholinga chake ndi ulendo wokha lili ndi njira yotsika mtengo. Makampani obwereketsa magalimoto alipo mumzinda ndi pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndipo ku Livingstone ndi ku Chipata mabasi aakulu amanyamuka pa Intercity tsiku lililonse. Kuyerekeza koyenera ndi pakati pa ndalama zobwerekera galimoto masiku a tchuthi okha ndi ndalama zonse zosungira galimoto yakeyake chaka chathunthu, kuphatikizapo zimene imataya pa mtengo wake ikamakalamba.