Usagulitse nzeru pa mtengo wa dothi

Mwana wanga, ndamva kuti dzina lako latuluka ndipo ukupita ku yunivesite kukaphunzira za uinjiniya. Mudzi wonse wakondwa, ine ndiye usachite kunena. Koma nthungululu zikatha pamatsala ntchito, choncho khala pansi unditchere khutu. Kumene ukupitako anthu amatulukira zinthu zatsopano, ndipo chinthu chatsopano chimakhala ndi mwini wake pa pepala. Amene sasamala za pepalalo amakalamba akulemeretsa anzake.

Choyamba, usanyoze dothi limene wakulirapo. Kwa Kasiya kuseri kuno, m'minda momwe anthu akhala akulima fodya, chimanga ndi mtedza kuyambira kalekale, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza mchere wa m'nthaka wotchedwa rutile. Palibe malo ena padziko lonse amene rutile wachilengedwe wapezeka wochuluka chotere, ndipo m'dothi lomwelo muli graphite. Mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagulako gawo la Sovereign Metals. M'makilogalamu 100 a dothilo mumatuluka pafupifupi kilogalamu imodzi ya rutile. Ameneyu ndiye amayeretsa penti, amamatidwa pa ndodo zowotcherera zitsulo, ndiponso amapangira titanium, chitsulo chopepuka chosachita dzimbiri chimene amapangira ndege ndi kulumikizira mafupa othyoka. Graphite ndi uja ali m'pensulo yako ndi m'batire ya foni. Ife tinkangopondapo ndi mapazi.

Koma usatengeke ndi phokoso la mgodi. Wokumba amalandira zake, inde, koma phindu lenileni limatsalira kwa amene amadziwa kusandutsa mchenga kukhala chitsulo. Njira yopangira titanium imene mafakitale akugwiritsabe ntchito mpaka lero anaitulukira William Kroll wa ku Luxembourg, dziko laling'ono lomwe kunachokera masisitere amene anayambitsa chipatala cha St Gabriel ku Namitete mu 1959. Kroll analibe mgodi kwawo. Anali ndi chipinda choyeseramo zinthu, ndipo mu 1940 analandira patenti ku America. Ukafuna kuti dothi la kwa Kasiya lidzapindulire a kwanu, phunzira zimene zimachitika dothilo likachoka pa lole.

Uidziwe bwino patentiyo, usamangoimva m'maluwa. Ndi pangano la pakati pa iwe ndi boma. Iwe umalemba poyera, mosabisa kanthu, mmene chinthu chako chimapangidwira. Boma limakupatsa mphamvu yoletsa wina aliyense kuchipanga kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chako kwa nthawi yoikika, m'maiko ambiri zaka 20. Nthawiyo ikatha chimakhala cha aliyense. Ili ngati malire a munda: siilima, siibzala, siikolola, imangouza mnzako pamene khasu lake liyenera kulekezera. Ndiye usadzaganize kuti ukangolandira chikalata ndalama ziyamba kugwa. Umalipira polembetsa, umalipiranso chaka ndi chaka kuti isafe, ndipo imagwira ntchito m'maiko okhawo amene unailembetsa. Kuno kunakhazikitsidwa lamulo la patenti mu 1957, nthawi ya chitaganya, ndipo kwa zaka zambiri zolembetsa zinkadzera kwa Registrar General. Kulinso bungwe la ARIPO ku Harare, limene Malawi ndi membala wake, kumene pempho limodzi limatha kukutetezera m'maiko angapo a mu Africa.

Sunga pakamwa pako. Patenti amapereka pa chinthu chimene sichinalengezedwe kwina kulikonse. Ukachionetsa pa chionetsero, ukachijambula n'kuchiika pa Facebook, kapena ukachifotokoza pa wailesi usanapereke pempho, ukhoza kukhala kuti wadzitsekera wekha chitseko. Achinyamata inu mumafuna kutamandidwa lero lomwe. Ndinaona ndi maso anga mmisiri wina wowotcherera zitsulo pa msika wina wa kuno. Anapanga makina oswera mtedza opukusa ndi dzanja, ndipo anavutika nawo nyengo yonse yadzinja mpaka anapeza mpata woyenera pakati pa sefa ndi chopukusira kuti mtedza usamasweke. Kunabwera alendo a galimoto yabwino, anamuyamikira, anajambula mbali zonse, iye n'kumasula ngakhale mabawuti kuti aone mkati. Sipanapite nthawi, makina ofanana ndendende anayamba kupezeka m'tauni atapakidwa penti ndi dzina la eni ena. Mkulu uja analibe ngakhale kapepala kosonyeza tsiku limene anayamba ntchitoyo.

N'chifukwa chake ugule kope lachikuto cholimba, losokedwa, osati lothothoka masamba. Chilichonse chimene wayesa ulembe ndi bolopeni: tsiku, muyeso, chimene unasakaniza, chimene chinachitika. Zokanika uzilembanso, pakuti mawa ndizo zidzakukumbutse njira imene suyenera kubwereranso. Mphunzitsi wako kapena mnzako wodalirika azisainira m'munsi. Pa mlandu, mawu akuti "ndine ndinayamba" salemera kanthu popanda umboni.

Usasaine pepala limene sunaliwerenge, ngakhale akuuze kuti galimoto ikudikira panja. Imva za John Goodenough. Mu 1980, ali pa yunivesite ya Oxford ku England, iye ndi anzake anapeza kuti msanganizo wa lithium, cobalt ndi okosijeni ungagwire ntchito m'batire yotchajidwa mobwerezabwereza. Yunivesiteyo sinafune kulipira zolembetsa patenti. Iye anapita ku malo a kafukufuku a boma ku Harwell, ndipo kumeneko anavomera kulembetsa pokhapokha iye atasainira kuti sadzalandirapo kanthu. Anasaina. Mu 1991 kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatirewo, ndipo lero ali m'foni iliyonse imene ikutchajidwa pa Nsaru ndi pa Nambuma. Mwini nzeru sanaonepo ndalama ya patentiyo. Mphoto ya Nobel inadzamupeza mu 2019 ali ndi zaka 97. Ulemu anaulandira, sindikutsutsa. Koma iye anali ndi malipiro a uprofesa oti n'kudyapo. Iwe uli ndi azing'ono ako anayi akuyang'ana kwa iwe.

Ukangofika, ufunse malamulo a sukuluyo pa nkhani ya umwini. Kaya ndi ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena ku Bunda konkuno, ufunse kuti chinthu chimene wophunzira wapanga ndi zipangizo za sukulu chimakhala cha yani, ndipo ndalama zikabwera zimagawidwa bwanji. M'mayunivesite ambiri padziko umwini umapita ku sukulu, wotulukira n'kulandirako gawo. Zimenezo si zoipa, chifukwa sukulu ili ndi maloya ndi ndalama zimene iwe ulibe. Choipa n'kudzazimva zinthu zitapsa kale. Safunsa anadya phula. Ufunse mwaulemu, chipewa chili m'manja, koma ufunse ndithu.

Usaganize kuti luso ndi makina aakulu okhaokha. Taona thumba lija la PICS limene amako amasungiramo chimanga. Kunja ndi saka wamba, mkati muli mapulasitiki awiri okhuthala. Umathira chimanga chouma bwino, umafinya mpweya, umapotokola kukamwa kwa pulasitiki yoyamba n'kumanga, kenaka yachiwiri payokha, pomaliza saka. Anankafumbwe otsekeredwa mkatimo amapuma mpweya wochepa umene watsala mpaka kuutha, amaleka kudya ndi kuswana, n'kufa. Osathira mankhwala ngakhale pang'ono. Nzeru imeneyi inachokera ku yunivesite ya Purdue ku America, kumene Larry Murdock ndi anzake, pamodzi ndi akatswiri a ku Cameroon, ankafuna njira yosungira khobwe cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Chinsinsi chake chagona pa mtundu wa pulasitiki ndi kukhuthala kwake. Dzina la thumbalo analiteteza mwalamulo, ndipo fakitale yofuna kulipanga imatenga chilolezo n'kutsata muyeso. Chifukwa chake uchimvetse: wina akapanga lopyapyala n'kulembapo dzina lomwelo, chimanga chikafumbwa, mlimi sadzakhulupiriranso ngakhale thumba lenileni. Nthawi zina umateteza chinthu kuti anthu asapusitsidwe.

Komanso usadzakhale waumbombo. Sikuti chilichonse n'chotsekera m'bokosi. Mjigo umene watungapo madzi kuyambira uli wamng'ono, wa mtundu wa Afridev, unayambira m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ukutchedwa Maldev, ndipo anakaumalizira ku Kenya. Mijigo yakale ikawonongeka tinkadikira anthu a boma kuti abwere ndi galimoto ndi zida zolemera, miyezi n'kumapita amayi akutunga kudambo. Amene anakonza Afridev anaika mapaipi a pulasitiki osachita dzimbiri, mabushi a pulasitiki pa chogwirira, ndi timphira toti komiti ya mjigo ikhoza kusintha yokha ndi sipanala imodzi. Mapulani ake anawasiya poyera kuti fakitale iliyonse yotsata muyeso ipange. Ndicho chifukwa chake zipangizo zake zimapezeka m'magolosale a pa malo ochitira malonda. Akanaumira, bwenzi midzi ingati ikumwabe madzi a pachitsime chosatetezedwa? Kupereka mwaufulu ndi kulandidwa n'zosiyana. Wopereka amadziwa chimene ali nacho, ndipo amasankha yekha.

Ukamagwira ntchito ndi alendo ochokera kunja, ugwire ndi mtima wonse, koma dzina lako lilembedwe. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, anapangidwa mogwirizana pakati pa yunivesite ya Rice ya ku America, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi College of Medicine. Oyambirira ankayendera timapampu ta mpweya tija amaika m'mabokosi owetera nsomba. Atawayesa pa Queen Elizabeth, ana opulumuka anakwera kuchoka pa 44 kufika pa 71 mwa 100 aliwonse, ndipo pambuyo pake kampani ina inapatsidwa chilolezo chowapanga ochuluka. Ntchito yotere siyenda popanda madokotala ndi anamwino a kuno amene amadziwa kuti magetsi amazima nthawi yanji ndiponso chimene chimayamba kuthyoka. Iwenso ukadzakhala pa gulu lotere, nkhani ya mayina ndi magawo muzikambirana ntchito isanayambe, anthu akadali kusekererana.

Usadzaiwale kumene wazitenga nzeru. Agogo ako aakazi sanapite ku sukulu, koma ankadziwa mtapo wabwino pongoufinya m'manja. Ankasinja mapale akale n'kusakaniza ndi dothi latsopano kuti mphika usang'ambike pamoto, ankauumitsa pamthunzi osati padzuwa, ndipo akaugogoda ndi chala ankamva kulira kwake n'kudziwa ngati wapsa. Zimenezo aphunzitsi ako akakuuza ndi manambala ndi mayina aatali, koma nzeru yake ndi yomweyo. Ukadzapita kwa amayi oumba mbaula za chitetezo kukafunsa za dothi lawo, uyambe wadzera kwa amfumu, unene chimene wabwerera, ndipo polemba uwatchule. Mu May 2024 maiko anagwirizana ku Geneva kuti wopempha patenti pa chinthu chochokera ku zomera kapena zamoyo zina aziulula kumene anazitenga ndi anthu amene anamupatsa nzeru zamakolo zokhudza zimenezo. Malawi ndiye anali woyamba kuvomereza panganolo, mu December chaka chomwecho. Zingakhale zamanyazi kuti mwana wa dziko lomwelo akhale woyamba kubera agogo ake.

Ukhale wodekha. Pa Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, akhala akuchita kafukufuku kuyambira 1948, ndipo mtedza wofiira uja wa CG7 unatulutsidwa mu 1990 atauyesa nyengo ndi nyengo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu chimene wachiyesa kamodzi n'kuyenda usathamangire kuchitcha chotheka. Chiike padzuwa la October, chinyowe ndi mvula ya January, chigwiritsidwe ntchito ndi munthu wotopa amene sanawerenge malangizo ako.

Ukasowa choti ufufuze, usayang'ane kutali. Yang'ana mauvuni a njerwa amene adya mitengo yonse kuyambira ku Mpingu mpaka kwa Kabudula, ndi maenje amene atsala m'madambo. Kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, koma munthu wa kumudzi akuwotchabe chifukwa thumba la simenti salikwanitsa. Akatswiri a yunivesite ya EPFL ku Switzerland, pamodzi ndi anzawo a ku Cuba ndi ku India, anapanga simenti yotchedwa LC3, imene pafupifupi theka lake ndi dothi lowotcha ndi miyala ya laimu yopera. Dothi tili nalo, laimu tili naye. Chikusowa ndi munthu woti ayese dothi la dambo lililonse, alembe zimene wapeza, ndi kupeza njerwa yolimba imene mlimi wa mtedza angaigule atagulitsa matumba ochepa. Amisiri omanga amene aphunzira pa Namitete Technical College akudziwa kale pamene khoma limayambira kung'aluka. Ukacheze nawo, usawaone ngati otsika chifukwa iwe uli ndi digiri.

Pita bwino, mwana wanga. Ndalama ya kope lija ndapatsa amako, akupatsa pokwera minibasi. Ukabwera pa tchuthi choyamba udzandionetse zimene walembamo, ndipo pepala lililonse limene akakupatse kuti usaine, uyambe wagona nalo usiku umodzi.