Kodi Wosakolola Ayamike Chiyani?

Abale ndi alongo a m'midzi yozungulira Jenda, ndi inu a ku Embangweni, ku Mabiri, ku Champhira ndi ku Luwerezi, tili nawo mlandu umene tifuna tiuweruze pamodzi mwezi uno, tsiku la zopereka za masika lisanafike. Mlanduwo ndi uwu: kodi munthu amene munda wake wapsa ndi dzuwa, nkhokwe yake nikhala yopanda kanthu, ali nawo mangawa a kuyamika Mulungu monga mnzake amene watuta ngolo zisanu? Funsoli si la anthu a mabuku okha ayi. Akulu a mpingo alidziwa bwino, pakuti chaka chilichonse chimene mvula yavuta, pa Sabata la masika mipando ina ikhala yopanda eni ake. Amene sanakolole achita manyazi kudza chimanjamanja pamene anzawo asenza matumba a chimanga ndi malichero a nyemba. Ndipo ena, angakhale sanena pakamwa, ali nawo mawu mumtima akuti, Ine ndikayamikeko chiyani?

Sitifuna kuwadzudzula msanga anthu otere, pakuti njala si nthano. Ambiri a ife tikumbuka chaka cha 2002, pamene anansi athu a ku Kasungu anadya madeya ndi mizu ya nthochi, nagulitsa mbuzi zawo pa mtengo wa nkhuku, ndipo maliro anachuluka m'midzi. Tikumbuka ntchemberezandonda za 2017, zimene zinaboola mtima wa chimanga chikali chanthete. Mu Malichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Munthu amene anakongola ndalama ya feteleza, nalima, napalira, nabandira, naona mmera wake ulikufota pa nthawi yomasula ngayaye, sayenera kuuzidwa mawu opepuka. Tiyeni tsono tiyambe ndi mbiri ya m'dziko lathu lomwe lino, pakuti Mawu a Mulungu analowa kwa Angoni pa khomo la chilala.

Kuyambira 1882 panali kamishoni kakang'ono pa Njuyu, pafupi ndi mudzi wa mfumu yaikulu M'mbelwa woyamba. Pamenepo pankakhala William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Axhosa wophunzira ku Lovedale, amene chinenero chake Angoni anachimva monga chawo. Mu 1885 anadza Dr Walter Elmslie wa ku Scotland kudzakhala naye. Koma sanaloledwe kutsegula sukulu, pakuti mafumu anaopa kuti anyamata akaphunzira adzataya nthungo ndi chishango. Kumapeto kwa chakacho mvula inakana. Anthu anapha ng'ombe kuzipereka kwa mizimu monga mwa mwambo wa makolo, koma kumwamba kunangoti mbee. Ndipo mu Januwale 1886 nduna zinapita ku Njuyu kukapempha kuti aphunzitsiwo apemphere kwa Mulungu wawo. Anthu anasonkhana, napemphera, ndipo posachedwa mvula inagwa, minda niuka.

Nkhaniyi tiikonda, ndipo alaliki athu aifotokoza kawirikawiri. Koma ambiri aleka pomwepo, ngati kuti phunziro lake ndilo lakuti wopemphera alandira mvula. Tiyeni tione zimene zinatsata. Chilolezo cha sukulu chinadzadi chaka chomwecho, koma chinampeza Koyi ali gone pa mphasa ya imfa, namwalira mu Juni 1886, osaona ndi maso ake mwana mmodzi yemwe alikuwerenga m'sukulu imene anaidikira zaka zinayi. Kodi Mulungu amene anamva pemphero la mvula sanamve mapemphero a moyo wa mtumiki wakeyo? Ndiponso khamu lija linakondwera nayo mvula silinatembenuke mtima. Linadya nsima yake, nilibwerera ku makhalidwe ake. Oyamba kubatizidwa mwa Angoni a kuno anabatizidwa mu 1890, patapita zaka zinayi, ndipo anali awiri okha, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara. Iwowa sanakopedwe ndi mvula. Anali atayamba kale kudza mobisika usiku kudzaphunzira kuwerenga, pamene kutero kunali koletsedwa. Mawelera yemweyo ndiye anadzapeka nyimbo zolemekeza Mulungu pa maimbidwe a Chingoni, pamodzi ndi Peter Thole ndi ena amene Donald Fraser anawalimbikitsa pa misonkhano ya ku Loudon, mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1902. Ndipo nyimbozo zikali kuimbidwa m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia.

Tiona tsono kuti chikondwerero cha mvula ndi chiyamiko cha kwa Mulungu ndi zinthu ziwiri. Choyambacho chitha pamene mimba yakhuta, chinacho chikhalitsa kufikira kubala nyimbo zimene adzukulu aimba.

Kusiyana kwake tingakuone pa msika wathu wa Jenda. Mayi wogulitsa matimati m'mbali mwa msewu wa M1 akapereka beseni kwa wa galimoto wochokera ku Lilongwe, nalandira ndalama yake, palibe wa iwo awiri amene ali ndi mangawa kwa mnzake. Anganene zikomo, koma ndi zikomo wa ulemu chabe. Aliyense walandira chake. Ndipo wa galimotoyo akapereka ndalama, osapatsidwa matimati, ayenera ndithu kukwiya ndi kuitana apolisi a pa chipata. Tsono ambiri a ife, osazindikira, tayesa Mulungu wamalonda wa pa msika. Tipereka mapemphero, chakhumi ndi kupita ku kalasi, tiyembekeza mvula ya pa nthawi yake. Ikadza, tinena zikomo waulemu uja. Ikapanda kudza, tiyesa kuti tabedwa. Munthu wonena kuti, Ndikayamikeko chiyani, ndi munthu wonyadira matumba ake pamaso pa mpingo, onse awiri ali nawo mtima womwewo wa malonda: wina ayesa kuti walipidwa, wina ayesa kuti wamanidwa malipiro ake. Umenewu sunasiyane kwenikweni ndi mtima wa kupha ng'ombe kuti mizimu ibweze mvula. Tasintha dzina la wolandira nsembe, msikawo n'kukhala womwe uja.

Koma mvula siigulidwa. Ija ya 1886 inagwa m'minda ya amene anapemphera pa Njuyu ndi m'minda ya amene anawaseka, chimodzimodzi. Ngakhale malire a maiko siiwadziwa. Ife a kuno tikhala pa msana wa dziko: madzi ogwa kumadzulo kwa malire atsikira ku Lundazi ndi ku Luangwa, ogwa mbali ino apita ku nyanja ndi kutuluka pa Shire, ndipo onsewo akakomana m'Zambezi. Makolo athu, amene anamutcha Mlengi Chiuta, kapena Chauta monga anena Achewa, anadziwa kuti mwini mvula ndi mmodzi, wamkulu woposa mizimu yonse. Chimene Uthenga Wabwino unaonjeza ndi ichi, chakuti Mwiniyo ndi Atate, amene apatsa chifukwa ali wabwino, si chifukwa walipidwa. Mwana sayamika atate wake pa tsiku la nyama lokha. Awayamika chifukwa ali nawo atate, ndipo tsiku la ndiwo zopanda mchere alira pa maondo a atate omwewo. Kulira kotere sikutsutsana ndi kuyamika. Yobu analira kwambiri, nafunsa mafunso oopsa, koma sanachoke pamaso pa Mulungu. Ndipo otsutsidwa pa mapeto anali abwenzi ake aja, amene anaumirira kuti tsoka lililonse ndi malipiro a tchimo.

Wina adzati, Mawu amenewa ndi okoma, koma m'chaka cha njala maso aona chiyani choti n'kuyamika? Tiyankha kuti, tulukani m'mudzi, mulowe m'thengo. Mu Seputembala ndi Okutobala, pamene dzuwa liswa mtengo, fumbi lili koboo, ndi dontho limodzi lomwe lisanagwe, mitengo ya mombo ndi tsamba iphuka masamba atsopano ofiira ngati moto, pakuti mizu yake ifika pansi pamene pali chinyezi cha chaka chatha. Pambuyo pake masuku apsa, mango natsata. Mvula yoyamba ikagwa, inswa zituluka m'zulu, bowa namera pansi pa mitengo yomweyo, therere ndi bonongwe nizimera zokha m'mphepete mwa minda. Taonani nthawi yake: zonsezi zidza miyezi imene nkhokwe zatha, chimanga chatsopano chisanakhwime. Ndani wa ife anabzala msuku? Ndani anathira feteleza pa chulu? Agogo athu apulumuka njala zambiri ndi chakudya chimene sanachilime, ndipo ana ambiri a sukulu afika mwezi wa Malichi ndi mphamvu ya mango ndi bowa. Wosakolola sanasiyidwe wopanda mphatso. Munda wake wa iye mwini walephera, koma munda umene Mlengi analima wosafunsa munthu ukali kubala.

Apa tiyenera kunenapo mawu owawa pang'ono. Munda umenewo ulikutha. Yense woyenda pa msewu wa ku Mzimba aona matumba a makala oimikidwa m'mbali, ndi mapiri amene kale anali akuda ndi mitengo tsopano ali ngati mutu wometedwa. Bowa wa m'thengo sumera pamene mitengo yake yadulidwa, pakuti moyo wake uli pa mizu ya mitengoyo. Simungaubzale m'dimba monga kabichi. Tidziwa kuti ambiri aotcha makala chifukwa cha umphawi, ndipo sitiwaweruza ngati akuba. Koma mudzi umene uimba nyimbo zolemekeza Mlengi pa Sabata, nugwetsa msuku wobala Lolemba, ulikuotcha nkhokwe ya chaka cha njala, ndiyo nkhokwe ya amasiye ndi ya ana amene sanabadwe. Mphatso imene munthu aiyamika aisamala. Mkazi wolandira mtsuko kwa apongozi ake sauika pa njira ya ng'ombe.

Tibwerere ku mipando ija yopanda eni. Tiyesa kuti katundu wolemera pa mlanduwu sali pa wosakolola, koma pa ife amene takolola. Ngati mbale wathu aopa kulowa m'nyumba ya Mulungu chifukwa alibe thumba, ndiye kuti tsikulo talisandutsa chionetsero. M'mipingo ina kuli chizolowezi chowerenga mokweza dzina la munthu ndi kuchuluka kwa zimene wabwera nazo, kapena kupikisanitsa mudzi ndi mudzi, anthu naomba m'manja kwa opambana. Akulu anena kuti kutero kuchulukitsa zopereka, ndipo kapena n'zoona. Koma Ambuye wathu, pokhala pandunji pa mosungiramo ndalama m'Kachisi, anapenya olemera ambiri alikuponya zambiri, natama mkazi wamasiye wa timakobiri tiwiri. Mkaziyo akadakhala wa mpingo wina wa masiku ano, kodi sakadatsala kunyumba tsiku limenelo?

Chifukwa chake tipempha akulu a mpingo ndi amayi a Umanyano kuti Sabata la masika lisanafike ayendere nyumba zimene adziwa kuti sizinakolole, ndi kuwauza eni ake kuti malo awo alipo, adze ndi dzira limodzi, kapena mtolo wa nkhuni, kapena ndi mawu awo okha a nyimbo. Tipempha kuti chiwerengero cha matumba chilembedwe m'buku la msungichuma, chisalengezedwe ndi maina. Ndipo chimanga chimene chasonkhanitsidwa chisagulitsidwe chonse kwa amalonda a pa Jenda mwezi womwewo, pamene mtengo uli pansi. Gawo lina lisungidwe m'nkhokwe ya mpingo, lithiridwe mankhwala a anankafumbwe, kufikira Januwale ndi Febuluwale, ndipo madikoni akaligawe madzulo, mwakachetechete, ku nyumba zomwe zija anaziyendera.