Kwa inu ofuna kukakonza nyumba za pa Hilbre

Ana anga, mwati mukufuna kukathandiza kukonzanso nyumba zakale za pa chilumba cha Hilbre, kumatsiriro a mtsinje wa Dee ku England. Mwaganiza bwino, koma tcherani khutu musananyamuke.

Kumeneko wolamula nthawi ndi nyanja. Kuchokera ku West Kirby mudzayenda pamchenga makilomita ngati 3, kudzera pa tizilumba ta Little Eye ndi Middle Eye, ndipo madzi akabwerera njira imatsekeka kwa maola angapo. Funsani nthawi yoolokera kwa odziwa malowo. Liuma la unyamata mulisiye kumtunda.

Mukafika, dziwani kaye chimene manja anu akukhudza. Kanyumba ka telegraph kanamangidwa mu 1841, ndipo alonda ankapatsirana zizindikiro kuchokera ku Holyhead mpaka ku Liverpool pouza amalonda za zombo zimene zikubwera. Nyumba ya bwato lopulumutsira anthu ndi ya mu 1849. Inasiya kugwira ntchito mu 1939, ndipo lero yangotsala makoma opanda denga. Ndi mmene imathera nyumba ikasowa woisamala pamalo a mphepo yamchere.

Chilumbachi mwini wake ndi khonsolo ya Wirral, komabe anthu wamba sanakhale chopinda manja kudikira boma. Anakhazikitsa gulu la Friends of Hilbre, nadzipereka kusamala malowa popanda malipiro. Kwa ine amenewo ndiwo oyenera ulemu, ndipo kwa iwo ndi kumene mukaphunzire. Akakupatsani tsache, sesani. Akati nyamulani zinyalala, musaone kuchepa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi phuma. Mu 2019 moto unabuka pachilumbachi pamene anthu ankatseka phanga ndi thovu la mankhwala, ndipo zidutswa zake zinamwazikira m'nyanja. Cholinga chinali chabwino, njira yake ndiyo inalakwika. Khoma lakalenso limafuna laimu wolola chinyezi kutuluka. Mukalimata ndi simenti yolimba, madzi amatsekeredwa mkati, mwala n'kuyamba kufumbutuka. Kuthamanga sikufika, ana anga.

Musaiwalenso kuti malowa ndi otetezedwa. Mbalame zambirimbiri zimadzapumulirapo nyengo yozizira, ndipo akatswiri akhala akuziwerenga pamenepo kuyambira 1957. Phokoso lanu lisazibalalitse pamene madzi adzaza, poti nthawi imeneyo malo otera amachepa.

Ngati mupita kukangojambulitsa zithunzi tsiku limodzi, bola mukhale. Koma ngati mwatsimikiza mtima, kalembetseni kugulu la Friends of Hilbre lija, ndipo chaka chamawa akakupezeninso komweko.