Eli Anaona Milomo, Mulungu Anamva Mtima

Kuwerenga: 1 Samueli 1:1-28, Yakobo 2:1-9



Pali bwalo lina la milandu limene limakhala tsiku ndi tsiku popanda mfumu kapena nduna. Limakhala pa chitsime, pa mzere wa ku sikelo, mu minibasi, pa maliro pamene azimai akuphika, ndipo masiku ano ngakhale m'mafoni. Woimbidwa mlandu ndi mai wobereka mwana kumbuyo. Safunsidwa kanthu. Anthu amangoyang'ana chitenge chake, tsitsi lake ndi thupi la mwana wake, basi mlandu watha. Chomvetsa chisoni ndi chakuti bwalo limeneli limakhalanso pakhomo la tchalitchi, ndipo oweruza ake nthawi zina amakhala atavala yunifomu ya Chigwirizano. Mau a Mulungu ali ndi nkhani ya mai amene anaweruzidwa chotere m'nyumba ya Yehova momwemo. Tiyeni tiione mofatsa.

Hana ku Silo

Elikana anali ndi akazi awiri, Hana ndi Penina. Penina anali ndi ana, Hana analibe. Chaka ndi chaka banja lonse linkapita ku Silo kukapembedza, ndipo kumeneko Penina ankamuputa Hana mpaka kulira ndi kukana chakudya. Taonani kuti woyamba kumulasa Hana anali mkazi mnzake, ndipo ankachita zimenezi pa ulendo wa ku mapemphero.

Tsiku lina Hana ananyamuka nakapemphera. Wansembe Eli anali atakhala pa mpando wake pafupi ndi khomo. Hana ankapemphera mumtima. Milomo yake inkagwedera koma mau sankamveka. Eli anamuyang'anitsitsa, natsimikiza kuti mkaziyu waledzera, ndipo anamudzudzula pomwepo.

Eli sananame pa zimene anaona. Milomo inkagwederadi. Kulakwa kwake kunali kwakuti anaona pang'ono, ndipo zotsalazo anadzaziramo yekha. Sanadziwe za zaka zonse za misozi, sanadziwe za Penina, sanadziwe za chowinda chimene Hana anali kuwinda pa nthawi yomweyo. Mkazi wopemphera koposa onse m'nyumba ija ndiye anayesedwa chidakwa. Ngati wansembe wokalamba anaphonya chotere, nanga inu ndi ine tidzidalira bwanji?

Zovala ndi kumene munthu achokera

Mtumwi Yakobo anauona mchitidwe umenewu mu mpingo woyamba. Akunena za munthu wovala mphete ya golide amene apatsidwa malo abwino, ndi wosauka wa zovala zakuda amene auzidwa kuimirira kapena kukhala pansi. Yakobo akutcha zimenezi tsankho, ndipo akuti ndi tchimo.

Taganizani za mai wa ku komboni amene afika Lamulungu ndi ana atatu, onse atavala za salaula zosasita, wamng'ono akulira. Kodi amene akhala naye pa benchi amadziwa kuti analawira m'bandakucha kukatunga madzi, kuti makala anatha dzulo, ndi kuti ayenda pansi chifukwa ndalama ya basi agulira kapenta? Kufika kwake m'tchalitchi ndi nsembe kale. Koma maso akamutsata kuyambira ku mutu mpaka ku mapazi, sabata yamawa adzakhala kunyumba, ndi ana akenso.

Lupanga limeneli limadula mbali zonse. Mai wa ku mayadi amene agwira ntchito mu ofesi, akafika ndi galimoto ndi tsitsi lokonzedwa, naye amanenedwa: ndi wonyada, ana ake amaleredwa ndi wantchito, sadziwa kuphika. Palibe amene amufunsa kuti ndi ana amasiye angati a abale ake amene akuwalipirira zofunika kusukulu ndi malipiro omwewo.

Kumbukirani mai wa Ambuye wathu. Pa Levitiko 12 lamulo linati mai wobala mwana apereke mwana wa nkhosa, koma wosakwanitsa apereke mbalame ziwiri. Luka 2:24 akutiuza kuti Mariya ndi Yosefe anapereka mbalame ziwiri. Aliyense m'Kachisi akanatha kuona kuti awa ndi amphawi. Koma Simeoni ndi Anna, amene anali anthu opemphera, anazindikira Mpulumutsi m'manja mwa mai wosaukayo.

Kaleredwe ka mwana

Apa ndi pamene malilime amathwa kwambiri, chifukwa aliyense amene analerapo mwana amadziona ngati mphunzitsi.

Tengani nkhani ya kuyamwitsa. A zaumoyo amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, osampatsa madzi kapena phala. Mai wachitsikana akatsata zimenezi, ena amati akumana mwana chakudya. Akampatsa mkaka wa m'botolo, anthu amayamba kunong'onezana kuti ali ndi kachilombo. Kunong'onezana kumeneku kunachokera ku zaka zoyambirira za m'ma 2000, pamene azimai ena okhala ndi HIV ankalangizidwa kupatsa ana mkaka wa m'chitini. Kuyambira 2010 uphungu wa bungwe la WHO unasintha: mai wokhala ndi HIV angathe kuyamwitsa pamene akumwa ma ARV mokhulupirika. Tsono botolo silikuuzani kanthu za magazi a munthu, ndipo ngakhale likanakuuzani, si nkhani yoyenda nayo. Mwina mai uja wabwerera ku ntchito, pakuti lamulo la ntchito la 2019 limapatsa mai tchuthi cha uchembere cha masabata 14. Mwina akudwala. Mwina mwanayo ndi wamasiye amene akulera. Ndipo miseche yotere imapha: mai woopa kunenedwa amabisa mankhwala ake kapena kuleka kupita ku chipatala, ndipo wovutika ndi mwana.

Tengani mwana wowonda, kapena wotupa miyendo ndi masaya, tsitsi litafiira. Kumudzi ena amathamangira kunena kuti ndi tsempho, kuti makolo anachita zosayenera. Mai amabwerera kunyumba ndi manyazi m'malo mothamangira ku chipatala. Chonsecho kutupa kotere kawirikawiri ndi matenda a kusowa chakudya chokwanira m'thupi, ndipo amachiritsika mwana akafika msanga kwa a zaumoyo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lathu wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mu 2024 chilala chinapsereza chimanga m'zigawo zambiri mpaka boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Kodi azimai onsewo ndi aulesi? Mai wa mwana wotere afunika nsinjiro za m'phala, dzira, ndi mnzake womuperekeza ku chipatala.

Tengani mtsikana amene wabala ali pa sukulu. Mpingo uli ndi njira yake ya chilango ndi kubweza wolakwa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya abusa ndi akulu a mpingo. Si ntchito ya maso athu kumulanga kachiwiri Lamulungu lililonse. Kuyambira 1997 boma la Zambia limalola mtsikana wotere kubwerera ku sukulu akabala. Akavalanso yunifomu ndi kusiya mwana ndi agogo, ena amati alibe manyazi. Akakhala kunyumba, amati waononga tsogolo lake. Mnyamata amene anampatsa mimba amayenda momasuka, palibe womuloza chala.

Hana naye anachita zinthu zimene anthu akanamunena nazo. Samueli atabadwa, anakana kupita ku Silo kufikira mwana ataleka kuyamwa. Wina akanati: wapeza chimene ankafuna, tsopano waiwala Mulungu. Atamuletsa kuyamwa anakamusiya kwa Eli ali wamng'ono. Wina akanati: ndi mai wotani wotaya mwana amene anamulirira? Koma Hana ankadziwa chimene anapangana ndi Mulungu wake, ndipo chaka chilichonse ankasokera mwana wake kamwinjiro ndi kumupititsira. Chikondi chake chinali m'nsingano, kumene anthu sankayang'ana.

Ana a woweruza

Akulu anati anyani sasekana zikundu. Eli amene anafulumira kudzudzula Hana anali ndi ana aamuna awiri, Hofeni ndi Pinehasi, amene ankalanda nyama ya nsembe ndi kuchita zonyansa ndi akazi otumikira pakhomo la chihema. Pa 1 Samueli 3:13 Mulungu anaweruza nyumba ya Eli chifukwa ankadziwa zoipa za ana ake koma sanawaletse. Pakamwa pake panali pofulumira kwa mkazi wachilendo, koma dzanja lake linali lofooka m'nyumba mwake.

Inu amene ana anu anakula bwino, anaphunzira, nakwatira mu mpingo, yamikani Mulungu ndipo musanyade. Samueli yemwe, mneneri wokhulupirika, anali ndi ana, Yoweli ndi Abiya, amene ankalandira ziphuphu ndi kupotoza milandu. Mu mpingo wathu timaphunzitsidwa kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo chokha. Chisomo chomwecho ndi chimene chimasunga ana athu. Mai amene mwana wake walowerera ku mowa kapena ali m'ndende, mwina wagwada usiku wambiri kuposa ife tonse.

Kodi tizingokhala chete?

Iai. Pa Tito 2:3-5 azimai aakulu akulamulidwa kuphunzitsa azimai aang'ono kukonda amuna ao ndi ana ao. Koma ndime yomweyo imayamba ndi kuwachenjeza kuti asakhale amiseche. Mkazi amene amanena anzake kumbali wataya kale udindo wowalangiza.

Katekisima wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, pa Sabata 43 akufotokoza lamulo loletsa umboni wonama. Pakati pa zimene akuletsa pali kutsutsa munthu mopupuluma kapena asanamvedwe, ndipo akutiuza kuteteza mbiri yabwino ya mnzathu. Choncho mukamva mai wina akunenedwa inu n'kukhala chete ndi kumwetulira, simunasunge lamulo limeneli.

Pano Eli akutiphunzitsa chabwino. Hana atayankha mwaulemu kuti sanamwe kanthu, koma akutsanulira mtima wake kwa Yehova, Eli anamvetsera. Sanaumirire pa mau ake oyamba. Anamudalitsa ndi kumulola kupita mumtendere. Malembo akuti Hana anachoka, nadya, ndipo nkhope yake sinakhalenso yachisoni. Mwana anali asanabwere, Penina anali akadali pakhomo, koma mau amodzi abwino ochokera m'nyumba ya Mulungu anamubwezera njala ya chakudya.

Tsono mukaona chimene chikukudetsani nkhawa pa mai wina, pitani kwa iye mwini, kunyumba kwake, muli nokha. Musapite chimanjamanja, kambale ka ufa kamatsegula khomo limene ulaliki sungatsegule. Yambani ndi kufunsa kuti, "Amake mwana, zinthu zikuyenda bwanji?" ndipo dikirani yankho. Zimene mwamva zithere pomwepo. Musazisandutse nkhani ya pa msonkhano ponamizira kuti mukupempha mapemphero. Mwana akalira m'tchalitchi, tambasulani manja mumulandire kuti amake amveko ulaliki. Paja Ambuye anakana kuti ophunzira abweze anthu obwera ndi makanda. Ndipo pamene mwana akuzunzidwadi, kumenyedwa koopsa kapena kugwiriridwa, apo musanong'one: dziwitsani abusa, ndipo nkhaniyo ifike ku Victim Support Unit ya apolisi. Kuteteza mwana ndi udindo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Patapita zaka zambiri, mwana wa Hana uja anatumidwa ku Betelehemu kukadzoza mfumu. Ataona Eliabu, wamtali ndi wooneka bwino, anaganiza kuti ndi yemweyo. Mulungu anamuletsa, namuphunzitsa kuti munthu amaona zakunja koma Yehova amaona mtima (1 Samueli 16:7). Phunziro limene Eli analandira pa amake, Samueli anafunika kulilandiranso. Ifenso tifunika kulilandira, ndipo tililandire tisanathamangitse Hana wina pakhomo la mpingo wathu.

Mafunso okambirana

1. Ndi azimai ati amene ankabwera ku Chigwirizano chathu koma analeka? Kodi pali amene anawayendera kukamva chifukwa chake?
2. Kodi kulangiza kwa pa Tito 2 kumasiyana bwanji ndi miseche?
3. Mnzathu akayamba kunena mai wina pagulu, tingamuyankhe bwanji mwaulemu?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene munamva Hana pamene mau ake sankamveka, mverani azimai onse amene akulera ana m'misozi ndi m'kusowa. Sungani milomo yathu. Tipatseni makutu omvetsera ndi manja othandiza, kuti mai aliyense wolowa m'nyumba yanu atulukemo mumtendere. Tipempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.