Kavalo, Kanema ndi Coonadi

Ku maiko a Azungu, makamaka ku America ndi ku Britain, kwabuka nchito ina yacilendo kwa ife. Munthu wobvutika mtima, kapena wamanyazi, kapena wosacedwa kupsa mtima, apita naye ku khola la akavalo. Kawirikawiri sakwera kavaloyo ai. Angoima naye, nampesa ubweya, namtsogolera ndi cingwe, ndipo pambuyo pace mphunzitsi amfunsa cimene waona mwa iye mwini. Bungwe lina la nchito imeneyi, lochedwa EAGALA, linayamba ku America m'caka ca 1999. Kwathu kuno akavalo ngosowa, pakuti m'madera ambiri kashembe sawalola kukhala, koma funso limene ndifuna tiliganizire likhudza ife tonse.

Tiyerekeze kuti eni khola lotere aitana wojambula kuti awapangire kanema wa mphindi zitatu wokopa anthu. Wojambulayo akhala pamenepo masiku awiri. Aona mai wina ali kulira atakumbatira khosi la kavalo. Aonanso mnyamata amene waima ola lathunthu, kavalo ali kudya udzu osamlabadira konse, napita kwao monga anadzera. Ndani mwa awiriwa adzalowa m'kanema? Tonse tidziwa. Mulibe cithunzi cabodza ngakhale cimodzi m'menemo: maiyo analiradi, kavaloyo anaweramadi mutu. Nanga wojambulayo wanama kapena sananame?

Ambiri adzati sananame. Mai wogulitsa matimati pamsika aika aakulu pamwamba, ndipo palibe amuyesa wakuba. Ndibvomera. Komatu wogula matimati ali ndi manja, akhoza kugubuduza mulu naona ali pansi. Woonera kanema sangathe kutero. Zimene zinadulidwa sadzaziona konse, ndipo sadziwa n'komwe kuti zinalipo.

Sindinena kuti nchito ya akavaloyi ndi yacabe. Lis Hartel wa ku Denmark anadwala poliyo m'caka ca 1944, miyendo yace nipuwala kuyambira m'maondo kunka kunsi. Koma m'caka ca 1952 anapata mendulo ya siliva pa mpikisano wa akavalo wa Olympic ku Helsinki, ndipo citsanzo cace cinalimbikitsa ambiri kukweza opunduka pa akavalo. Ndiponso kavalo ndi nyama yoceza maso ndithu. Ku Berlin kunali kavalo wochuka, dzina lace Hans, amene anthu anati adziwa masamu, pakuti anali kuyankha mafunso pogogoda pansi ndi ciboda. Oskar Pfungst anamfufuza, nalengeza m'caka ca 1907 kuti Hans sanali kuwerenga konse. Anali kuyang'ana wofunsayo, naleka kugogoda akaona mutu wace wagwedezeka pang'ono, mwini wace wa mutu osadziwa. Wofunsa akakhala wosadziwa yankho, Hans nayenso anali kulephera.

Cimene cindicititsa mantha m'nkhani ya Hans ndi ici: mwini kavaloyo, Wilhelm von Osten, sanapezeke wonyenga. Anakhulupirira ndi mtima wonse. Cotero eni khola lathu lija akhoza kukhala anthu oona mtima, okonda akavalo ao ndi odwala ao, nakhalabe osoceretsa. Kavalo akayandikira munthu ati, "Wamva cisoni cako." Akacoka ati, "Waona kuti uli kubisa kanthu." Nanga ndi liti pamene adzanena kuti kavalo wangomva njala? M'caka ca 2014 akatswiri ena a ku America anasanthula zofufuza zimene zinalipo pa kuciza nthenda za maganizo ndi akavalo, napeza kuti umboni wace unali wosakwanira. Mau amenewa salowa m'kanema wa mphindi zitatu, ndipo nyimbo yokoma imene aikamo imveka koposa.

Maganizo anga ndi akuti kusankha zithunzi si cimo, pakuti ngakhale kalata wa kuofesi sanena zonse. Colakwa ciyamba pamene zithunzi zilonjeza cimene pakamwa paopa kunena. Eni khola sangalembe kuti, "Mwana wanu adzacira," poopa mlandu; koma akaonetsa nkhope yakugwa poyamba, ndi nkhope yomweyo iri kuseka potsiriza, alonjeza kale. Kholo la mwana wodwala lidzapereka ndalama zace pa lonjezo limenelo, kapenanso kucedwa kupita kwa dokotala.

Ndiganizanso za mnyamata uja. Tsiku lina adzaona kanemayo, mmene onse athandizidwa kupatula iye yekha, nadzayesa kuti colakwa ciri mwa iye. Ndikadakhala wojambula, ndikadamuikamo, iye atalola, ngakhale kanthawi kocepa: ali ciriri, kavalo ali kudya udzu. Kaya eni khola akadandilipira, kaya akadaitana wojambula wina.